MBIRI YA DZIKO LA NENO: MAPIRI ACHE, ANTHU ACHE NDI MAWERUZIDWE ACHE

Pa masiku a chikondwerero anthu akonda kuwerenga zaka za malo ao, natchula maina a iwo amene anayamba nchito, ndipo kutero nkwabwino. Koma malo ali onse akhala m'dziko, ndipo mbiri ya malowo siimveka bwino ngati dzikolo silidziwika. Chifukwa chache ife a ku Lisungwi talemba pano za dziko lathu la Neno, ndiko kunena za mapiri ndi mitsinje yache, za anthu okhalamo, ndi za maweruzidwe ache kuyambira kale kufikira makono. Tilembera inu abale nonse, makamaka inu aphunzitsi ndi akatekisiti amene muyenda m'midzi, pakuti ana adzakufunsani zinthu izi, ndipo kuyenera kuti mukhale nako kuwayankha.

I. ZA MALIRE NDI MAONEKEDWE A DZIKO

Dziko la Neno liri m'Chigawo cha Kumwera cha Malawi, kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Shire. Kumpoto tichita malire ndi Ntcheu ndi Balaka. Kum'mawa Shire atilekanitsa ndi Blantyre. Kumwera kuli Mwanza. Ndipo kumadzulo kuli dziko la Mozambique, chigawo cha Tete. Kukula kwache kuli ngati masikweya kilomita 1,500, kotero kuti liri mwa maboma ang'ono a dziko lino.

Ngakhale dzina liri limodzi, munthu woyenda pansi aona msanga kuti maiko ali awiri, la kumtunda ndi la kunsi. Kumtunda ndiko ku mapiri amene pa mapu alembedwa Kirk Range, kumene zitunda zina zipitirira mamita 1,500. Kumeneko kuli Dambe, Nsambe ndi Matandani, ndipo Boma la Neno liri m'tsinde mwa mapiriwo. Mvula igwa yambiri, mphepo izizira m'miyezi ya Juni ndi Julaye, ndipo anthu alima chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere, tirigu ndi manachesi. Kunsi ndiko kuno kwathu, ku Lisungwi, Luwani, Zalewa ndi Matope, kumene dziko litsika kufikira pansi pa mamita 500. Kuno dzuwa liotcha kolimba, mvula ichedwa kudza niifulumira kuleka, ndipo mitengo ya kuno ndiyo milambe, bwemba ndi tsanya. Mbeu zokhoza kupirira ndizo mapira, thonje ndi nandolo, ndipo chuma cha banja chikhala mbuzi ndi ng'ombe. 

Kusiyana kumeneku ndiko muzu wa mbiri yathu yonse. Wa kumtunda akolola zambiri, koma asowa njira yotulutsira zokolola zache. Wa kunsi ali pafupi ndi mseu waukulu, koma nthawi zambiri asowa chakudya. Chotero maiko awiriwa afunana masiku onse, ndipo Boma liri lonse limene linaiwala limodzi la iwo linasautsa onse awiri.

II. ZA MITSINJE

Zitunda za Kirk Range zigawa madzi pawiri. Mvula yogwa kumadzulo kwa chitunda itsikira ku Zambezi kudzera m'dziko la Mozambique, ndipo yogwa kum'mawa itsikira ku Shire kudzera m'mitsinje yathu. Yaikulu mwa iyo ndiyo Lisungwi, umene unapatsa dzina malo athu ano, ndi Wamkulumadzi, umene upita chakumwera nukathira mu Shire ku nkhalango ya Majete. M'chilimwe mwana akhoza kuoloka Lisungwi madzi akumlekeza m'maondo, koma m'dzinja mtsinje womwewo udzaza usiku umodzi, nukokolola minda ya m'dimba, nutsekera anthu njira ya ku chipatala ndi ku sukulu. M'mchenga wa chigwa cha Lisungwi mupezekanso golide pang'ono, amene anthu akhala alikumsungula m'mbale kuyambira masiku a Azungu.

Shire pa malire athu sayenda mofatsa monga achitira ku Liwonde. Kuyambira ku Matope kufikira ku Kapichira madzi atsika mamita ngati 380 pa mtunda wa makilomita 80, nagwa pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Mpatamanga. Mathithi amenewa anatseka njira ya ngalawa, ndipo pambuyo pache anasanduka chuma cha dziko lonse, pakuti makina opanga magetsi anayamba nchito pa Nkula m'chaka cha 1966, ndi pa Tedzani m'chaka cha 1973. Magetsi amene aunikira Blantyre ndi Lilongwe, ambiri a iwo abadwira pa madzi amene apita pakhomo pathu.

III. ZA ANTHU OKHALAMO

Eni dziko akale anali Amang'anja, a mtundu wa Amaravi, anthu odziwa kusula makasu ndi kuomba nsalu za thonje lolima okha. Iwo anakhala m'midzi ing'onoing'ono pansi pa mafumu ao, nawerenga mbumba potsata kuchikazi, ndipo mwamuna anakakhala chikamwini kwa mkazi wache.

Pakati pa zaka za m'ma 1800 mavuto awiri anagwera dziko. Loyamba linali malonda a akapolo, pakuti njira zochokera ku mapiri a kutsidya la Shire kunka ku Tete zinaoloka mtsinjewo ndi kupita m'maiko ano a kumadzulo. Pamwamba pa nkhondo zimenezo panadza chilala ndi njala yoopsa ya m'zaka za 1862 ndi 1863, imene inapululutsa midzi yambiri ya m'chigwa. Lachiwiri linali kufika kwa Angoni a kwa Maseko. Iwo anachokera kumwera kweni kweni kwa Africa, naoloka Zambezi, nafika kutali ku Songea m'dziko la Tanzania, nabwereranso, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika ku Domwe, kumene tsopano kuli m'dziko la Mozambique. Pokhala pamenepo anatuma nkhondo zao mbali zonse, ndipo m'chaka cha 1884 ankhondo a mfumu Chikuse anaoloka Shire, nafunkha midzi ya pafupi ndi Blantyre. Anthu ambiri a m'mapiri muno analowa pansi pa Angoni, natenga dzina ndi mfunda zao, koma chinenero cha eni dziko ndicho chinapambana. Ichi ndi chifukwa chache lero ambiri a ku Neno adzitcha Angoni, chinkana alankhula Chichewa m'nyumba zao.

Za kuchuluka kwa anthu tidziwa mwa kalembera. M'chaka cha 2008 anawerengedwa anthu 107,317, ndipo m'chaka cha 2018 anawerengedwa 138,291, ndiko kunena kuti m'zaka khumi zokha anaonjezeka anthu oposa 30,000. Pa kalembera yemweyo wa 2018 dziko lonse la Malawi linali ndi anthu 17,563,749, kotero kuti mwa anthu 100 ali onse a dziko lino, wa ku Neno sakwana mmodzi wathunthu. M'chaka chomwecho cha 2018 pa sikweya kilomita imodzi kuno panali anthu ngati 90, pamene m'dziko lonse panali 186. Mlendo akamva izi ayesa kuti malo atsala ambiri. Koma mbali yaikulu ya dziko iri miyala, zigwembe ndi mapiri otsetsereka, ndipo malo a nthaka yabwino anadzala kale.

IV. ZA KUFIKA KWA AZUNGU NDI BOMA LAO

M'chaka cha 1859 Dr David Livingstone anakwera Shire pa sitima yache, koma mathithi anamletsa, ndipo anayenda pansi kufikira anaona Nyanja m'mwezi wa Sepitembala. Iye ndiye anatcha mathithiwo Murchison, natchanso mapiri athu dzina la mnzache wa paulendo, Dr John Kirk. M'chaka cha 1875 a Mishoni ya Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young, anafika ndi sitima yochedwa Ilala. Anaiphwasula kunsi kwa mathithi, ndipo amtengatenga mazana ambiri anasenza zitsulo zache pamutu, nazitula kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso. Ndipo inalowa m'Nyanja pa 12 Okutobala 1875. Kuyambira masiku amenewo Matope anasanduka doko lomveka, pakuti akatundu a kampani ya Mandala anadzera pamenepo pochoka ku Blantyre kunka ku Nyanja.

Chaka cha 1891 ndicho chinalemba malire athu. M'chaka chimenecho Angerezi analengeza kuti dziko lino liri m'chitetezo chao, natuma Harry Johnston akhale wolamulira. Ndipo pa 11 Juni anapangana ndi Apwitikizi kuti kumbali yathu ino malire atsate chitunda chogawa madzi. Amene analemba panganolo anali ku Ulaya, ndipo sanafunse mfumu kapena nyakwawa ya kuno. Chotero mtundu umodzi unagawika pakati, malume nakhala kwa Apwitikizi, mphwache nakhala kwa Angerezi, ngakhale manda a makolo ao anali amodzi. Kufikira lero anthu a ku Dambe ndi a ku Tsangano akwatirana, nagulana malonda, nalirana maliro, monga ngati mzerewo palibe.

Mphamvu ya Angoni inathyoka m'chaka cha 1896, pamene asilikari a Boma anagwira mfumu Gomani, mwana wa Chikuse, namupha. Pamenepo msonkho wa nyumba unafalikira, umene poyamba unali mashilingi 3 pa chaka. Popeza ndalama m'midzi munalibe, amuna anapita kukagwira nchito ku minda ya Azungu kutsidya la Shire, ndipo ena anatsata njira ya ku Mwanza ndi ku Tete, nafika ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Ena anabwera ndi njinga ndi makina osokera. Ena sanabwere konse, ndiwo amene tiwatcha machona.

M'chaka cha 1907 dziko linalandira dzina la Nyasaland. Azungu anamanga Boma pa Neno, chifukwa pamalopo mpozizira, ndipo pa nthawi ina dera lino linatchedwa Central Shire. Lamulo la m'chaka cha 1912 linaika mafumu akulu oyang'anira nyakwawa, kuti athandize Bwanamkubwa kusonkhetsa msonkho ndi kulambula miseu. Lamulo la m'chaka cha 1933 linaonjezera mphamvu zao, niliwapatsa mabwalo oweruza milandu ya m'midzi. Koma pambuyo pache dera lathu linaphatikizidwa ku Blantyre, ndipo zinthu zazikulu zonse zinayamba kuweruzidwa kutsidya la mtsinje.

M'zaka zomwezo mamishoni anafika. Ansembe a Montfort, amene anayamba nchito yao ku Nzama m'chaka cha 1901, anatsegula Mishoni ya Neno m'chaka cha 1906. A Seventh-day Adventist anatsegula Matandani m'chaka cha 1908, ndipo a Anglican anakhazikika ku Matope. Kwa zaka zambiri sukulu ndi mankhwala zimene anthu a kuno anaziona zinachokera m'manja mwa mamishoni, ndipo mphunzitsi wa m'mudzi ndiye anali wolemba makalata a akazi kunka kwa amuna ao ku ulendo.

V. ZA NJALA NDI ZA ALENDO

Akulu akumbukira njala ya m'chaka cha 1949, pamene mvula inaleka mbeu ziri zazing'ono, ndipo maiko otentha a m'mbali mwa Shire anapsa koposa onse. Anthu a kunsi anakwera ku mapiri ndi mitanga yao kukasuma, nagwira ganyu m'minda ya abale ao a kumtunda kuti alandire chimanga. Pamenepo panaoneka poyera chimene tanena poyamba, chakuti maiko athu awiri sakhoza kukhala lina popanda linzache.

Dziko la Malawi linalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, ndipo patapita zaka Mwanza anakhala boma pa yekha, Neno nakhala mbali yache ya kumpoto. Posakhalitsa nkhondo ya pachiweniweni inabuka ku Mozambique, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu anayamba kuthawira kuno, akazi atabereka ana, amuna atasenza mphasa ndi miphika. Pofika chaka cha 1992 othawa nkhondo m'Malawi anapitirira 1,000,000, ndipo misasa yaikulu inamangidwa m'dera lathu lino, ku Chifunga, ku Luwani ndi kuno ku Lisungwi. Ambiri a iwo sanali alendo eni eni, pakuti chinenero chinali chimodzi ndi mfunda zomwezo. Koma kuchuluka kwao kunalemera dziko: mitengo inagwa chifukwa cha nkhuni ndi milimo, ndipo matenda a m'mimba anavuta m'misasa. Mtendere unapanganidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka zotsatira ambiri anabwerera kwao.

Msasa wa Luwani unasunganso othawa nkhondo a ku maiko ena kufikira unatsekedwa m'chaka cha 2007. Koma m'chaka cha 2016, zipolowe zitayambanso m'chigawo cha Tete, unatsegulidwa kachiwiri, nulandira anthu amene anayamba aunjikana pa Kapise m'boma la Mwanza. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma dziko lokhala pa malire liyenera kudziwa kuti mame amenewo agwa kawiri kawiri.

VI. ZA BOMA LA NENO LA MAKONO

Anthu a Malawi atasankha pa 14 Juni 1993 kuti zipani zikhale zambiri, maweruzidwe a maboma anasinthanso. Lamulo la maboma ang'ono la m'chaka cha 1998 linanena kuti mphamvu zichoke ku likulu ndi kutsikira ku makhonsolo. Ndipo m'chaka cha 2003, m'masiku a Pulezidenti Bakili Muluzi, Neno anapatulidwa ku Mwanza, nakhala boma pa yekha, limodzi la maboma 28 a dziko lino.

Makonzedwe ache ali otere. Pansi peni peni pali nyakwawa, amene agawa minda ndi kuweruza milandu ya pamudzi. Pamwamba pache pali gulupu, woyang'anira midzi ingapo. Ndipo pamwamba pa magulupu pali mafumu akulu, ndiwo Dambe, Chekucheku, Mlauli ndi Symon, mwini dera lathu la Lisungwi. Pambali pa mafumu pali makomiti a chitukuko, a m'midzi ndi a m'dera la mfumu yaikulu iri yonse, amene alandira zofuna za anthu, monga mjigo, mlatho kapena chipinda cha sukulu, nazipereka ku Khonsolo. M'Khonsolo mukhala makhansala osankhidwa ndi anthu, aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, ndi mafumu. Ndipo Bwanamkubwa ndiye mkulu wa anchito a Boma. Pa zisankho za 2014 ndi 2019 boma lathu linatuma aphungu awiri, wa Neno North ndi wa Neno South. Tikumbukenso kuti kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lonse linakhala lopanda makhansala, ndipo m'zaka zimenezo mau a m'midzi anasowa wowanyamula.

Boma latsopanoli linabadwa losauka. Linalibe chipatala chachikulu, ndipo mseu wa ku likulu lache unali wa dothi, umene m'dzinja unamiza magalimoto. M'chaka cha 2007 bungwe la Partners In Health, limene kuno litchedwa Abwenzi Pa Za Umoyo, linayamba kugwira nchito pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo. Mwa chigwirizano chimenecho chinamangidwa chipatala cha Boma pa Neno, ndi chipatala cha Lisungwi cha anthu a kunsi, ndipo anthu a m'midzi momwemo anaphunzitsidwa kuyendera odwala khomo ndi khomo. Ambiri amene kachilombo ka HIV kakadawatenga ali ndi moyo lero, nalera ana ao.

Koma za njira ziri ndi chodabwitsa. Mseu waukulu wa M1 wochokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe uoloka Shire pa Zalewa, ndipo pomwepo upatuka wa M6 wonka ku Mwanza ndi ku Tete. Cha m'ma 2014 kampani ya Vale inatsiriza njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kunka ku doko la Nacala, imene ipita m'boma lathu niikalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya. Chotero chuma cha maiko atatu chipita m'mphepete mwathu usana ndi usiku, pamene mlimi wa kumtunda wadikira zaka zambiri mseu wa tala wolumikiza Tsangano, Neno ndi Mwanza, mbatata yache niwolera panjira.

Kunsi mseu waukulu womwewo wadzetsa chiyeso china. Popeza minda siibala chaka ndi chaka, ambiri atembenukira ku makala, ndipo matumba ache aima m'mbali mwa mseu wa Zalewa kudikira magalimoto a ku Blantyre. Mtengo wa tsanya umene unakula zaka makumi ambiri utha m'ng'anjo masiku ochepa. Phiri likavulidwa, mvula ikokolola dothi, niilitaya mu Lisungwi, Lisungwi nalitaya mu Shire, ndipo matope afika ku makina a Nkula ndi Tedzani. Magetsi akazima m'mizinda, a m'mizinda agula makala ochuluka koposa kale. Namondwe Idai wa 2019, Ana wa 2022 ndi Freddy wa 2023 anaonetsa Chigawo cha Kumwera chonse chimene madzi achita pa dziko lopanda mitengo. Njira ina iripo, ndipo inayesedwa kwathu konkuno: a ku Kam'mwamba anaphunzira kufinya chakumwa cha malambe ndi bwemba ndi kuchigulitsa, napeza kuti mtengo woimirira ubala ndalama chaka ndi chaka.

VII. MAU OTSIRIZA

Tikayang'ana m'mbuyo tiona kuti zaka zoposa 100 dziko lino linaweruzidwa ndi anthu okhala kutali: malire analembedwa ku Ulaya, milandu inapita ku Blantyre, ndipo pambuyo pache ku Mwanza. Kuyambira 2003 Boma liri pakati pathu, ndipo sitikhozanso kunena kuti a kutsidya ndiwo atiiwala m'zonse. Ndalama za mlatho zikasowa, wozifunsa ndi ife. Nkhalango ya Tsamba ikatha, oitha adzakhala a m'midzi yathu.

Chifukwa chache tikupemphani inu aphunzitsi ndi akatekisiti, amene mudziwa njira zonse za m'midzi koposa wanchito ali yense wa Boma, kuti muphunzitse anthu makonzedwe awa. Adziwe komiti ya m'mudzi mwao ndi tsiku la msonkhano wache, adziwe dzina la khansala wao, alembetse ana ao pobadwa, ndipo kalembera akadzafika asabise munthu, pakuti mankhwala, mabuku ndi aphunzitsi zigawidwa potsata chiwerengero. Auzeni ana a ku Lisungwi kuti madzi amene amwa achokera ku mapiri a kumtunda, ndipo auzeni ana a kumtunda kuti mtengo umene adula pamwamba ukagumula munda wa mbale wao kunsi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la Neno lifuna a kumtunda ndi a kunsi alinyamule pamodzi.